Kamera ikalowa komwe mabwana safuna

Pali chithunzi china chojambulidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1960 chimene ukachiona kamodzi sichichoka m'maso. Amuna akuluakulu andanda pamzere, ayang'ana kukhoma, ali mbulanda, manja ali m'mwamba. Nkhope zawo sizikuoneka. Si akaidi, sanapalamule mlandu uliwonse. Angolembedwa kumene ntchito ya kumigodi ya golide, ndipo akudikira kuti madokotala a kampani awapime ngati matupi awo angalimbe pansi pa nthaka. Anachijambula ndi Ernest Cole, mnyamata wakuda wa ku Pretoria, amene ankalowa m'makomboni a migodi kamera atayibisa m'kathumba ka pepala konyamuliramo chakudya chamasana.

Mzere ngati umenewu agogo athu ambiri anaimapo. Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela linkalemba amuna kuno, kuyambira nthawi ya Nyasaland, n'kuwatumiza ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi okumba m'migodi ya ku South Africa anapitirira 100,000. Kumudzi ankaona zobwera nazo: njinga, wailesi, bulangete lochindikala, jekete. Zithunzi zimene ankatumiza zinali za mu situdiyo, munthu atatchena suti, chipewa chitapendekeka, nsapato zikuwala. Zimenezo sizinali zabodza, ndipo mwamuna aliyense anali ndi ufulu wodzionetsa kwa mkazi wake ndi ana ake mmene iye akufunira. Koma palibe amene ankatumiza kwawo chithunzi cha tsiku limene anamuvula pamaso pa anzake.

Ntchito ya ojambula ngati Cole ndi kutulutsa chithunzi chachiwiricho, chimene wantchito amachita nacho manyazi ndipo bwana amachiopa. Imasiyana ndi ya mtolankhani wofika pamalo ngozi itachitika, n'kujambula, n'kuthamangira ku ofesi. Nkhanza za pantchito kawirikawiri si ngozi ya tsiku limodzi. Zimachitika m'mawa uliwonse, zimalembedwa m'mabuku a kampani, nthawi zina lamulo limazivomereza, ndipo aliyense wozungulira anazizolowera. Wojambula amene akufuna kuziulula amatha miyezi kapena zaka akuyang'ana zinthu zimene sizikhala nkhani ya m'nyuzipepala: pogona, chakudya, kutalika kwa mzere, msinkhu wa mwana amene waima pamakina.

Anthu amakonda kunena kuti chithunzi chakuti chinasintha dziko. Ine sindivomereza. Chithunzi ndi mboni, ndipo mboni sigamula mlandu. Pamafunika woitengera kubwalo, woiteteza akamaitsutsa, ndi bwalo lenilenilo lomwe lili ndi mphamvu yolamula. Mbiri ya zithunzi zoterezi ikuonetsa zimenezi mobwerezabwereza.

Mu 1904, ku Baringa m'dziko la Congo, lomwe panthawiyo linali chuma cha Mfumu Leopold II ya ku Belgium, bambo wina anafika pamishoni atanyamula dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi. Alonda a kampani ya mphira anapha mwanayo chifukwa mudziwo sunakwanitse mlingo wa mphira umene anaulamula. Mmishonale wachingelezi Alice Seeley Harris anajambula bamboyo atakhala pakhonde, akuyang'ana ziwalozo. Taonani kuti umboniwo anabwera nawo ndi mwini mwana. Wojambula sanachite kuusaka. Mayi Harris ndi amuna awo anayenda ndi zithunzi zawo m'matchalitchi ndi m'maholo a ku Britain ndi ku America, akuzionetsa pakhoma ndi nyale, mogwirizana ndi bungwe la Congo Reform Association. Panalinso lipoti la kazembe wa Britain, Roger Casement, la chaka chomwecho. Zonsezi pamodzi zinachititsa kuti mu 1908 boma la Belgium lilande dzikolo m'manja mwa mfumuyo. Ntchito yokakamiza ku Congo siinathere pomwepo.

Mmene chithunzi chimasandukira umboni

Amene anasonyeza bwino kagwiridwe ka ntchitoyi ndi Lewis Hine wa ku America. Anali mphunzitsi ku New York, ndipo mu 1908 anasiya choko n'kuyamba kujambulira bungwe la National Child Labor Committee, lomwe linkalimbana ndi kugwiritsa ana ntchito. Kalembera wa 1900 anapeza kuti ana oposa 1.7 miliyoni a zaka 10 mpaka 15 anali pantchito m'dzikolo. Chiwerengerocho chinkadziwika. Chimene eni mafakitale ankakana n'chakuti anawo anali aang'ono kwenikweni, kapena kuti ntchitoyo inali yowapweteka.

Hine ankanyamula kamera yaikulu ya bokosi, ya miyendo itatu, yojambulira pamagalasi, ndi ufa woyaka wowunikira m'malo amdima. Chida chotere sungabise. Ndiye ankabisa cholinga chake: pena ankadzitcha woyendera za chitetezo cha moto, pena wogulitsa Mabaibulo, pena wojambula makina. Akalowa, ankapempha kuti mwana aime pafupi ndi makinawo ngati kuti akufuna kuonetsa kukula kwake. Akamukaniza pageti, ankadikira panja mbandakucha kapena usiku, nthawi yosinthana mashifiti, n'kujambula anawo akutuluka.

Luso lake lalikulu linali m'thumba la jekete. Ankadziwa kutalika kwa batani lililonse la chovala chake kuchokera pansi, moti mwana akaima pambali pake ankadziwiratu msinkhu wake popanda tepi. Akucheza ndi mwanayo, dzanja linkalemba mobisa m'thumba: dzina, zaka, wagwira nthawi yaitali bwanji, amalandira zingati, amatha kuwerenga kapena ayi. Akapeza mpata ankapita kunyumba kwa makolo kukatsimikizira zaka. N'chifukwa chake pansi pa chithunzi cha kamtsikana ka mufakitale ya ulusi ku Lancaster, South Carolina, mu 1908, pali mawu onena kuti n'kotalika mainchesi 48 ndipo kagwirapo ntchito theka la chaka. Ku Macon, Georgia, mu 1909, anajambula anyamata awiri atakwera pamakina opota ulusi, wina wopanda nsapato, chifukwa ataima pansi sakanafikira ulusi woduka. Ku Pennsylvania mu 1911 anajambula anyamata ogwira ntchito yotola miyala m'malasha, atawerama pamabenchi tsiku lonse, nkhope zili bii, fumbi lili koboo.

Mawu apansiwo ndi amene ankatsekera mabwana pothawira. Bwana akati "ameneyu ndi wamkulu, ndi wamfupi chabe," panali zaka ndi msinkhu. Akati "anangobwera kudzapereka chakudya kwa mayi ake," panali miyezi imene wagwira. Akati "si pafakitale yanga," panali dzina la tauni ndi tsiku. Hine ankakana kukonza kapena kukometsa zithunzi zake, podziwa kuti bodza limodzi likagwidwa, zithunzi zonse zitayidwa nalo. Zoposa 5,000 zikusungidwa ku Library of Congress ku Washington, pamodzi ndi mawu ake.

Nanga zinasintha chiyani? Mu 1916 Nyumba ya Malamulo ya America inakhazikitsa lamulo la Keating-Owen, loletsa kugulitsa m'zigawo zina katundu wopangidwa ndi ana. Mu 1918 khothi lalikulu linalithetsa. Amene anakasuma anali bambo wa anyamata awiri ogwira ntchito mufakitale ya thonje ku Charlotte, North Carolina, wofuna kuti ana ake apitirize kulandira malipiro. Apa m'pamene pali fupa la nkhani yonse ya ana pantchito: kholo losauka limaona lamulo ngati lolilanda chakudya, ndipo eni mafakitale amadziwa kugwiritsa ntchito mantha amenewo. Lamulo lachiwiri linagwanso mu 1922. Lolimba linabwera mu 1938, la Fair Labor Standards Act, patatha zaka 30 Hine atayamba, ndipo ngakhale limenelo linasiya mpata waukulu pa ntchito za m'minda. Hine anamwalira mu 1940 ali wosauka, nyumba atamulanda, anthu atamuiwala. Khothi lalikulu linavomereza lamulo la 1938 chaka chotsatira.

Ernest Cole

Hine anali mzungu wophunzira, wokhala ndi bungwe kumbuyo kwake, m'dziko lomwe nyuzipepala zinkatha kusindikiza zimene wapeza. Cole analibe chilichonse mwa zimenezi. Anabadwa mu 1940 ku Eersterust pafupi ndi Pretoria, ndipo banja lawo linasamutsidwa mokakamizidwa kupita ku Mamelodi. Anasiya sukulu pokana maphunziro a Bantu Education, amene boma la tsankho linakonza kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza kukhala wantchito. Mu 1958 anapeza ntchito ku magazini ya Drum, pansi pa wojambula Jürgen Schadeberg.

Ku Drum kunali kale mwambo wolowa komwe sakufuna. Mu 1952 mtolankhani Henry Nxumalo anafufuza nkhanza za m'minda ya mbatatesi ku Bethal, Schadeberg akujambula. Mu 1954 Bob Gosani anajambula, ali pamwamba pa nyumba yoyandikana ndi ndende ya Johannesburg, akaidi akudumphitsidwa ali maliseche powasecha. Boma linayankha ndi lamulo la ndende la 1959, lomwe linachititsa kuti kujambula ndende popanda chilolezo ukhale mlandu. Cole anakulira m'mwambo umenewo wa ku Drum, ndipo anaganiza zochita chachikulu kuposa nkhani imodzi ya m'magazini: kujambula moyo wonse wa munthu wakuda pansi pa tsankho, n'kuuika m'buku limodzi.

Vuto loyamba linali kuyenda. Munthu wakuda ankayenera kunyamula pasi paliponse, ndipo kupezeka m'dera lolakwika pa ola lolakwika kunali kugona m'chitokosi. Cole anakakamira mpaka akuluakulu a boma anamuchotsa m'kaundula wa anthu akuda n'kumuika m'gulu la makaladi, dzina n'kusintha kuchoka pa Kole kukhala Cole. Zinamupatsa mpata woyenda popanda pasi, ndipo pambuyo pake zinamuthandiza kupeza pasipoti. Munthu angafunse ngati kunali kukana mtundu wake. Zithunzi zake zikuyankha zokha: mpata umene anaupezawo anaugwiritsa ntchito kubwerera kwa anthu ake omwewo.

Ubwino umene anali nawo, woti mzungu aliyense wojambula sakanaupeza, n'ngwakuti palibe ankamuona. Mnyamata wakuda wonyamula kathumba ka chakudya pageti la mgodi sanali wodabwitsa kwa mlonda. Mkati anajambula olembedwa kumene akudindidwa zala, amuna akugona pamashelefu a simenti osanjikizana, wothandiza kukhitchini akugawa chakudya m'mbale ndi fosholo. Anakwera masitima a m'mawa odzaza mpaka anthu kulendewera kunja. Analowa m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za azungu, momwe mayi wolera ana a eni nyumba ankagona yekha, ake ali kutali. Anajambula zipatala zomwe odwala ankagona pansi, ndi kalasi yodzaza momwe kamnyamata kanyonyomala, thukuta likutsika kumaso, maso ali pa mphunzitsi. Anajambula apolisi akugwira anthu chifukwa cha pasi pakati pa msewu, azungu akudutsa osacheuka.

Apolisi atayamba kumulondalonda, anachoka m'dzikolo mu 1966, zithunzi zake zitazembetsedwa. Buku lake, House of Bondage, linatuluka ku New York mu 1967, ndipo ku South Africa linaletsedwa. Chofunika kuchiona m'bukuli ndi kasanjidwe kake. Likuyamba ndi migodi. Pasi, masitima, kusamutsa anthu, sukulu, zonse zikubwera pambuyo. Cole ankanena kuti tsankho silinali chidani chabe cha khungu. Linali njira yopezera antchito otchipa, ndipo lamulo lililonse linkathandiza kuti munthu wakuda afike pageti la bwana alibe kwina kolowera. Chithunzi chimodzi sichinganene zimenezo. Zithunzi zambiri zosanjidwa mwanzeru zimatha.

Komabe pali zimene kamera siingaone, ndipo apa pamafunika anthu ena. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anawerengetsa malipiro a m'migodi ya golide n'kupeza kuti pofika 1969 mzungu ankalandira pafupifupi kuwirikiza ka 20 zimene wakuda ankalandira, ndipo malipiro a wakuda, poyerekeza ndi mitengo ya zinthu, sanakwere chiyambire 1911. Chithunzi cha amuna a mbulanda chimakuuza mmene ankawaonera. Nambala ya Wilson imakuuza chifukwa chake.

Tsopano funso lowawa kwa ife: kodi bukuli linachepetsa amuna opita ku Joni? Ayi. Chaka chomwe linatuluka, 1967, ndi chimene Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la Pretoria, ndipo chiwerengero cha Amalawi m'migodi chinakwera m'zaka zotsatira. Chimene chinaimitsa kulemba anthu ndi ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown, Botswana, mu April 1974, yomwe inapha Amalawi 74 akubwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulembako, kenako kunayambiranso mu 1977 pa chiwerengero chochepa, m'dzina la Theba, mpaka kunatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV. Munthu wa kumudzi wofuna msonkho, malata ndi chiwongo sakanabwezedwa ndi buku lomwe sanalionepo, ndipo ngakhale akanaliona, umphawi wa kwawo sukanachoka.

Ntchito ya bukuli inali kwina. Kunja kwa South Africa linakhala umboni m'manja mwa olimbana ndi tsankho, panthawi imene boma la Pretoria linkawononga ndalama zambiri kuuza dziko kuti anthu akuda akukhala bwino. Mkati mwa dzikolo linkayenda mobisa, ndipo ojambula achinyamata amene analiona anaphunzira kuti wakuda angathe kujambula moyo wake yekha osadikira mlendo.

Mwini wake analipira mtengo waukulu. Boma linamuletsa kubwerera kwawo. Anajambula ku America ndi ku Sweden, koma kusowa kwawo kunamudya. Anasiya kujambula, ndipo nthawi zina ankagona m'misewu ya New York. Anamwalira ndi khansa mu February 1990, ali ndi zaka 49, patangopita masiku ochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Mu 2017 manegetivu ake (mafilimu otsukirapo zithunzi) pafupifupi 60,000, amene ankaganiziridwa kuti anatayika, anapezeka m'chipinda chosungiramo chuma cha banki ina ku Stockholm, n'kuperekedwa kwa abale ake.

Chinthu chimene chinapha amuna ambiri a kumigodi sichikuoneka pa chithunzi chilichonse cha Cole, chifukwa chinali m'mapapo. Fumbi la miyala ya golide limalowa pang'onopang'ono, n'kuumitsa mapapo, n'kutsegulira njira chifuwa chachikulu. Munthu ankabwera kumudzi akuoneka wathanzi, patapita zaka n'kuyamba kubanika pokwera kachitunda. Makampani anakakamizika kulipira pokhapokha maloya atasumira m'malo mwa anthu masauzande: mgwirizano wa 2018, wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi, womwe khothi linavomereza mu 2019, unabala bungwe la Tshiamiso Trust, lolipira amene anagwira m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, a m'maiko oyandikana nawo omwe. Pamenepo chithunzi chimene chimagwira ntchito ndi cha ekisileyi, chophatikizidwa ndi mapepala osonyeza kuti munthuyo anagwiradi pa mgodi wakuti, zaka zakuti. Mfundo ya Hine yomweyo: chithunzi, dzina, malo, nthawi.

Nanga wojambulidwayo?

Pali mbali ina imene okonda zithunzi zoterezi sakonda kuikamba. Wojambula amatchuka, chithunzi chimalowa m'nyumba zoonetsera zinthu, koma munthu amene ali pachithunzipo amatsala pomwe anali. Mu March 1936 Dorothea Lange, wojambulira boma la America, anaima pa msasa wa othyola nsawawa ku Nipomo, California, n'kujambula mayi wa zaka 32, dzanja lili pachibwano, ana awiri atabisa nkhope pamapewa ake. Chithunzicho chitatuluka m'nyuzipepala, boma linatumiza chakudya cholemera mapaundi 20,000 ku msasawo. Mayiyo ndi ana ake anali atachoka kale. Lange sanafunse dzina lake. Patapita zaka zoposa 40, mtolankhani atamupeza, mayiyo anadandaula kuti sanapindulepo kanthu ndipo akanakonda akanapanda kujambulidwa. Nkhope yake inakhala chizindikiro cha umphawi kwa moyo wake wonse, popanda womufunsa.

Ena amadandaula za kukongola. Sebastião Salgado wa ku Brazil anajambula mu 1986 mgodi wa golide wa Serra Pelada, dzenje lalikulu momwe amuna masauzande ankakwera makwerero a mitengo atasenza matumba a dothi, thupi lonse lili matope. Zithunzizo n'zokongola moti otsutsa ena anati zimachititsa woonera kugoma m'malo mokwiya. Ine sindiona kuti kukongola ndi mlandu. Wosauka nayenso ayenera kujambulidwa mwaluso, osati mongomuponyera kamera. Chimene chimandivuta ndi chithunzi chosanena kuti munthuyu akuvutika chifukwa cha ndani. Chikakhala chotero, woonera amangoti "kalanga ine," n'kupitiriza ulendo, ndipo kuvutikako kumaoneka ngati nyengo, chinthu chopanda mwini.

Amuna a pachithunzi cha Cole nawonso sanapemphedwe. Koma Cole anawajambula chakumbuyo. Palibe mwana amene angaloze n'kunena kuti awa ndi bambo anga ali maliseche. Manyazi onse a pachithunzicho akugwera amene analamula kuti avule.

Chitsanzo cha posachedwa chomwe zithunzi zinagwira ntchito msanga ndi cha ku Bangladesh. Pa 24 April 2013 nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu ya Rana Plaza, m'tauni ya Savar, momwe munali mafakitale osoka zovala, inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inaoneka dzulo lake. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, koma osoka anauzidwa kuti abwere kuntchito. Taslima Akhter, amene anali atatha zaka akujambula osoka zovala ndi kumenyera nawo ufulu wawo, anajambula mwamuna ndi mkazi atafa atakumbatirana m'zigumukire. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse. Koma panalinso zithunzi zina zosatchuka: za timapepala ta mayina a makampani tosokerera pa zovala, totoledwa m'zigumukiremo. Timeneto ndi timene tinalumikiza mitembo ya ku Savar ndi masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Mwezi wotsatira makampani anayamba kusaina mgwirizano wa chitetezo cha nyumba ndi moto, womangidwa ndi lamulo, pamodzi ndi mabungwe a antchito. Osaina anapitirira 200, ndipo mafakitale oposa 1,600 anayenderedwa. Zinatheka msanga chifukwa mabungwe a antchito anali atakonza kale mgwirizano wotere ngoziyo isanachitike, makampani ambiri akuukana. Zithunzi zinafika pomwe pepala losaina linali kale patebulo.

Lero kamera ili m'thumba la aliyense, ndipo zimene Cole anaikira moyo wake pachiswe mlonda kapena wosoka angathe kuzijambula ndi foni pa nthawi yopuma. Kuno kwathu nkhani zake zilipo. Mu November 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Kuti lamulolo lafika m'minda kapena langothera papepala, ndi funso limene kamera ingathandize kuyankha.

Koma kuchuluka kwa zithunzi kwabweretsa vuto latsopano: kukana kwakhala kosavuta. Chithunzi chikangoponyedwa pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp chopanda tsiku ndi malo, woimbidwa mlandu amangoti n'chakale, n'cha dziko lina, kapena n'chopangidwa ndi kompyuta, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Mapulogalamu amenewa amachotsanso zambiri zobisika zimene foni imalemba m'chithunzi, monga nthawi ndi malo, choncho choyambirira chija chiyenera kusungidwa m'foni kapena pena potetezeka, chosadulidwa, chosakometsedwa. Ndipo wojambula ayenera kudzifunsa kuti mawa m'mawa, iye atachoka, wojambulidwayo akakumana ndi kapitawo zidzatha bwanji. Nkhope ya mwana siyenera kuponyedwa pa intaneti. Manja ake akuda ndi utomoni wa fodya, kapena msinkhu wake pafupi ndi mtolo umene wasenza, zimanena zokwanira. Wamkulu afunsidwe, auzidwe komwe chithunzicho chipite, ndipo akakana, akanadi. Dzina lake lilembedwe m'kope la wojambula, kuti likatuluke pokhapokha kwa amene angachitepo kanthu: ofesi ya zantchito ya m'boma, bungwe la antchito, Malawi Human Rights Commission, kapena loya.

Wofuna kujambula moyo wa banja logwira ntchito pa munda wa fodya sangaumalize tsiku limodzi. Ayenera kukhalapo pa nazale, pa kuwokera mvula ikagwa, pa kuthyola m'mamawa masamba ali ndi mame, pomwe chikonga chimalowa pakhungu n'kuchititsa chizungulire ndi kusanza, pa kusoka m'chigafa mpaka usiku, pa kudinda mabelo. Ayenera kuona amene ali m'munda nthawi ya sukulu. Ndipo fodya akagulitsidwa ayenera kubweranso tsiku lowerengerana, chifukwa m'pamene zimadziwika ngati banjalo lagwirira ntchito ndalama kapena ngongole. Tsiku limenelo ajambule tsamba la m'buku la mwini munda, pomwe palembedwa ndowa za chimanga, mchere, feteleza ndi ndalama za kuchipatala zimene zadulidwa, mtengo umene chilichonse chawerengeredwa, ndi nambala yotsala pansi pake.